Achimwene ali maso koma sayankha: kodi akumva?

"Zikomo adokotala. Achimwene anga a zaka 34 anachita ngozi ya njinga yamoto ya kabaza miyezi itatu yapitayo, ndipo anamenyetsa mutu pamsewu alibe chipewa. Anagona chikomokere masabata atatu, kenako anatsegula maso. Tinasangalala poganiza kuti atsitsimuka, koma mpaka lero sayankhula, satiyang'ana, ndipo amadyera m'kapaipi ka m'mphuno. Tsopano tikuwasamalira kunyumba. Nthawi zina amabuula, tsiku lina anagwetsa misozi. Amalume akuti munthuyo anapita kale, latsala ndi thupi lokha, tisataye ndalama. Amayi amacheza nawo tsiku lililonse ngati akumva. Alamu anga atopa mpaka kuwonda. Ine ndili pakati. Kodi achimwene akumva? Akumva kuwawa? Nanga tikasiya zina mwa zimene tikuchita, tachimwa?" Wafunsa ndi mayi wa ku Lunzu.

Mayi, pepani ndi matendawa. Kudwazika munthu amene maso ali otsegula koma sakuyankhani n'kolemera kuposa kudwazika amene akulira n'kumaloza pamene pakuwawa. Musadzione ngati wopanda maganizo chifukwa muli pakati pa amalume ndi amayi. Aliyense mwa awiriwo wagwira mbali ya choona, ndipo funso limene lawasiyanitsalo lakhala likusiyanitsa madokotala a ubongo ndi akatswiri a filosofi, maphunziro a kuganiza mozama, kwa zaka zoposa 50. Chimene ndikutsimikiza n'chakuti kukhala chete kwa thupi si umboni wokwanira woti mkatimo mulibe munthu. Misozi yokhanso si umboni woti alimo. Pakati pa ziwirizi pali ntchito yofufuza, ndipo yambiri mungaiyambe inu nomwe pakhomo.

Mawu oti "kumva" m'Chichewa amasenza katundu wambiri. Timamva kulira kwa ng'oma, timamva kuwawa, timamva fungo la ndiwo, timamva njala, ndipo nkhani ikalowa m'mutu timati "ndamva". Choncho mukafunsa ngati achimwene akumva, mwafunsa zinthu zingapo nthawi imodzi. Kodi phokoso likufika ku ubongo wawo? Kawirikawiri limafika, n'chifukwa chake odwala otere amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Kodi mkatimo muli mwini wake amene akudziwa kuti awa ndi mawu a amayi? Limeneli ndiye funso lenileni. Nanga ngati alimo, angathe kutisonyeza? Ilinso ndi funso palokha, ndipo ambiri amalisakaniza ndi lachiwirilo.

Kukhala maso ndi kuzindikira ndi ntchito ziwiri, ndipo zimayendetsedwa ndi mbali zosiyana za ubongo. Kumunsi, pamene ubongo umalumikizana ndi mtsempha waukulu wa mumsana, pali tsinde la ubongo. Tsindeli ndilo limadzutsa munthu ndi kumugonetsa, limayendetsa kupuma, kutsokomola ndi kuyasamula. Kuzindikira kumafuna mbali ya pamwamba yopindikapindika ija, pamodzi ndi kachigawo ka pakati kotchedwa thalamus, komanso timitsempha miyandamiyanda tolumikiza zonsezi. Mutu ukamenyetseka pa liwiro, ubongo umagwedezeka ndi kupotokola mkati mwa chibade, ndipo timitsempha tija timaduka m'malo ambirimbiri. Tsinde limatha kupulumuka. Ndiye munthu amatsegula maso, amagona, amadzuka, pamene mauthenga a pamwamba sakuyenda bwino. Chikomokere chenicheni, cha maso otseka, sichikonda kupitirira masabata awiri mpaka anayi, choncho kutsegula maso pa sabata lachitatu kuja n'kumene kumachitikira ambiri.

Akatsegula maso, wodwala amakhala mwa njira zingapo. Pali amene ali maso koma palibe chizindikiro choti akudziwa za iye mwini kapena zomuzungulira. Mu 1972 madokotala a ubongo Bryan Jennett wa ku Glasgow ndi Fred Plum wa ku New York anatcha mkhalidwewu vegetative state, dzina limene mabanja ambiri amadana nalo chifukwa limamveka ngati likufanizira munthu ndi chomera. Mu 2010 madokotala a ku Ulaya anapereka dzina lina lotanthauza kukhala maso kosayankha. Pali amene kuzindikira kwake kulipo pang'ono, kobwera ndi kupita, lero atsatira nkhope ndi maso, mawa ayi. Mkhalidwewu unalongosoledwa bwino mu 2002 ndipo umatchedwa minimally conscious state. Palinso wina amene nzeru zake zonse zilipo koma thupi lonse lafa ziwalo, amangotha kuphethira ndi kuyendetsa maso m'mwamba ndi pansi. Atatuwa akagona pa mphasa amaoneka ofanana. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wamwalira. Munthu amene ubongo wake wafa wonse, ndi tsinde lomwe, sapuma popanda makina ndipo satsegula maso. Achimwene anu akupuma okha. Ali moyo, kuchipatala ndi pamaso pa lamulo pomwe.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu timaunena polimbikitsa wovutika kuti ayambe yekha kufuna thandizo, koma mkati mwake muli mfundo imene afilosofi alimbana nayo kuyambira kale. Kupotokola kwa m'mimba amakudziwa ndi mwini mimba yekha. Enafe timangomva chitseko chikutseguka usiku, n'kudziwa kuti mnzathu sali bwino. Palibe anaonapo kuwawa kwa mnzake ndi maso. Timakuganizira poona nkhope, pomva kubuula, podziwa kuti thupi lake n'lofanana ndi lathu. Mu 1974 Thomas Nagel wa ku America anapereka chitsanzo cha mleme, umene umayenda mumdima pomvera mmene kulira kwake kukubwererera kuchokera ku makoma ndi mitengo. Tikhoza kuyeza ubongo wa mleme mpaka kudziwa mtsempha uliwonse, koma mmene zimamvekera kukhala mleme amadziwa ndi mleme mwini. David Chalmers wa ku Australia mu 1995 anatcha nkhaniyi vuto lovuta: n'chifukwa chiyani ntchito ya ubongo imabwera ndi kumva kwa mkati, osangochitika mumdima ngati mmene chiwindi chimagwirira ntchito yake ife osadziwa?

Izi zingaoneke ngati zokambirana za m'kalasi, koma zikukhudza mphasa ya achimwene anu mwachindunji. Palibe chida choyezera kuzindikira ngati mmene timayezera kutentha kwa thupi. Njira zimene timadalira kwambiri zimapempha wodwala kuti ayankhe, kaya ndi dzanja, ndi maso kapena ndi ubongo. Ngozi ikawononga njira yoyankhira, wamva m'mimba uja amalephera kufika pachitseko. Ndipo mukudziwa kale kuti kumva ndi kuyankha zimatha kusiyana. Wolota amathamangitsidwa ndi njoka, mtima uli m'mwamba, pamene thupi lake lili phee. Wobwebweta kutulo amayankha mafunso anu, m'mawa n'kukana kwa mtuwagalu kuti sanayankhule.

Madokotala nawo amalakwitsa, ndipo ziwerengero zake n'zodetsa nkhawa. Pa chipatala china cha ku London mu 1996, mwa odwala 40 amene anabwera atalembedwa kuti sazindikira kanthu, 17 anapezeka kuti amazindikira. Ambiri a iwo anali osaona kapena oona movutikira kwambiri, n'chifukwa chake sankatsatira zinthu ndi maso. Ku Belgium mu 2009 zinabweranso chimodzimodzi, 18 mwa odwala 44. Mu 2006 Adrian Owen ndi anzake ku Cambridge anaika m'makina ojambula ntchito ya ubongo mtsikana wa zaka 23 amene anachita ngozi ya pamsewu ndipo sankayankha konse. Anamuuza kuti aganize ngati akusewera tenisi, kenako aganize ngati akuyenda m'zipinda za nyumba yake. Ubongo wake unayaka m'malo omwewo amene amayaka kwa munthu wabwinobwino, ndipo unkayamba ndi kusiya pa nthawi imene ankauzidwa. Kafukufuku wamkulu wa mu 2024 anapeza zotere mwa odwala 60 mwa 241 amene sankamvera lamulo lililonse pabedi, mmodzi mwa anayi alionse. Muonenso mbali ina ya kafukufuku yemweyo: mwa odwala 112 amene ankamvera malamulo pabedi, 43 okha ndi amene anakhoza mayeso a makinawo. Choncho kulephera mayeso sikutsimikiza kuti munthu mulibe. Sindikunena izi kuti mukafune makina otere, chifukwa ngakhale ku Ulaya amapezeka m'malo ochepa a kafukufuku. Ndikunena kuti mudziwe kuti mawu oti "sakumva kanthu" sayenera kutuluka msanga m'kamwa mwa aliyense.

Chimene chinavumbula odwala a ku London ndi ku Belgium aja si makina, koma kuyeza mofatsa, mobwerezabwereza. Njira yodalirika imene akatswiri amagwiritsa ntchito imatchedwa Coma Recovery Scale-Revised, ndipo imafunika kuchitidwa kasanu kapena kuposapo pa masiku osiyana, chifukwa kuzindikira kwapang'ono kumabwera ndi kupita. Zina mwa zimene zili m'njirayi mungaziyese. Sankhani nthawi imene achimwene ali maso kwambiri, osati atangodya kapena atangolandira mankhwala. Atsamiritseni akhale chokhala, zimitsani wailesi, ndipo m'chipindamo mutsale anthu awiri basi. Yambani mwangowayang'ana kwa mphindi imodzi osanena kanthu, kuti muone zimene thupi limachita lokha. Kenako tengani kalilole, muike pafupi ndi nkhope, mtunda wa masentimita 10 mpaka 15, n'kumuyendetsa pang'onopang'ono kumanja, kumanzere, m'mwamba ndi pansi. Kalilole amaposa chala kapena cholembera chifukwa nkhope ya munthu mwini imakoka maso kuposa china chilichonse. Ngati maso akutsatira mosadukiza, ndipo achita kangapo, chimenecho n'chizindikiro chachikulu.

Polamula, perekani lamulo limodzi lalifupi, monga "achimwene, yang'anani m'mwamba" kapena "gwedezani chala chachikulu". Dikirani masekondi 10 muli chete, pumani pang'ono, bwerezani mpaka kanayi. Sankhani chinthu chimene thupi silinachite lokha pa mphindi ija. Cholakwika chimene mabanja ambiri amachita n'kuika dzanja lawo m'chikhatho cha wodwala n'kunena kuti "finyani". Chikhatho chikakhudzidwa chimafumbata chokha, ngati cha khanda. Ngati afumbata, auzeni kuti "tayani" muone ngati atambasula. Mungathenso kugwira kapu kudzanja lina ndi chipeso kudzanja lina, n'kuwauza kuti ayang'ane kapu, kenako n'kusinthanitsa manja. Za misozi ndi kumwetulira, funso ndi lakuti zimabwera liti. Ngati zimangobwera pa nthawi iliyonse, zikhoza kukhala za thupi chabe, monganso kukukuta mano ndi kuyasamula. Koma ngati misozi imabwera mwana wawo akayankhula kapena nyimbo imene ankaikonda ikaimbidwa, ndipo siibwera mukamawerenga nkhani wamba, lembani zimenezo. Sungani kope la tsiku, nthawi, chimene munachita ndi chimene munaona. Jambulani pa foni. Dokotala amene ali ndi mphindi zisanu angaphonye chimene inu mwachiona katatu pa sabata. Mudzisamalenso: mtima wokonda umaona zimene ukufuna, choncho ndi bwino kuti wachiwiri m'chipindamo akhale munthu wosatengeka. Amalume angathandize kwambiri pa ntchito imeneyi.

Pali zinthu zina zimene zimaphimba kuzindikira koma n'zochizika, ndipo muyenera kuzifunsa kuchipatala. Mankhwala oletsa kugwa khunyu monga phenobarbitone, komanso diazepam, amagonetsa kwambiri. Musawasiye nokha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa khunyu loopsa, koma funsani ngati akufunikabe kapena ngati pali ena osagonetsa kwambiri. Madzi amatha kudzadzana mu ubongo patapita masabata kapena miyezi ngozi itachitika, ndipo zimaoneka pojambula mutu ndi makina a CT. Madziwo amachotsedwa ndi opaleshoni yoika kapaipi. Khunyu lina limachitika mkati popanda kuphupha. Matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, kuchepa kwa mchere m'magazi ndi kuperewera kwa chakudya m'thupi, zonsezi zimabweza wodwala m'mbuyo. Funsaninso za mankhwala otchedwa amantadine. Kafukufuku wa mu 2012 pa odwala 184 ovulala m'mutu, amene anali pakati pa masabata 4 ndi 16 chivulalire, anasonyeza kuti amafulumizitsa kuchira. Achimwene anu ali m'nyengo imeneyo. Si mankhwala ogula pa golosale, dokotala ndiye aone ngati akuyenera.

Za kutsogolo ndikuuzeni mosabisa. Ziwerengero zimene zinasonkhanitsidwa ku America mu 1994 zinasonyeza kuti mwa akuluakulu ovulala m'mutu amene anali asakuyankhabe pa miyezi itatu, pafupifupi 35 pa 100 alionse anayamba kuzindikira chaka chisanathe. Amene anafika miyezi 6 asakuyankha, anali pafupifupi 16 pa 100. Chaka chikatha mwayi umachepa kwambiri, ngakhale kuti sutheratu. Ovulala pa ngozi amakhala ndi mwayi woposa amene ubongo unasowa mpweya mtima utaima, achinyamata amaposa okalamba, ndipo amene asonyeza kuzindikira kwapang'ono amaposa amene sanasonyeze. Ambiri mwa otsitsimuka mochedwa chonchi amatsala ndi ulumali waukulu ndipo amafuna wowasamalira. Ziwerengerozi n'za kumene chisamaliro n'chochuluka. Kuno chimene chimatenga odwala otere kawirikawiri ndi chibayo ndi zilonda, osati ubongo womwewo.

Tsopano za kuwawa. Kafukufuku wa ku Belgium wa mu 2008 anasonyeza kuti ubongo wa odwala ozindikira pang'ono umalandira ululu mofanana ndi wa munthu wabwinobwino. Kwa amene sazindikira konse, uthengawo umafika koma sufalikira ku mbali zina. Popeza taona kuti kusiyanitsa awiriwa n'kovuta, tiyese zolakwa ziwiri pa sikelo. Mukawasamalira ngati akumva pamene sakumva, mwataya panado ndi mawu okoma ochepa. Mukawatenga ngati sakumva pamene akumva, mwasiya munthu m'ululu umene sangathe kuunena, akumvanso abale ake akukambirana za maliro ake ndi za njinga yake pambali pa mphasa. Zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana. Mbiri nayo imatichenjeza. René Descartes, wafilosofi wa ku France wa zaka za m'ma 1600, ankati nyama zili ngati makina. Mpaka m'zaka za m'ma 1980, makanda ena obadwa masiku osakwana ankachitidwa opaleshoni popanda mankhwala okwanira oletsa ululu, chifukwa madokotala ambiri ankakhulupirira kuti samva. Onsewa anali osatha kuyankhula, ndipo kusayankhulako kunatengedwa ngati kusamva. Jeremy Bentham wa ku England analemba mu 1789 kuti chofunika kufunsa za cholengedwa si ngati chimaganiza kapena kuyankhula, koma ngati chingavutike. Choncho amayi anu akuchita bwino. Apitirize, ndipo nonse muziwauza achimwene chimene mukufuna kuchita musanawagwire: "tikutembenuzani tsopano", "madziwa ndi ofunda". Zizindikiro za ululu ndi kukwinya nkhope, kubuula, kulimbitsa thupi, thukuta ndi kupuma mofulumira, makamaka powatembenuza kapena potsuka chilonda. Mukaziona, fufuzani chifukwa, monga kudzimbidwa, mkodzo wotsekeka, chilonda kapena mwendo wopindika moipa, ndipo pemphani mankhwala. Mlingo wake aike ndi a chipatala poona mmene thupi latsikira.

Mawu a amalume oti munthuyo anapita ali ndi mizu yake, ndipo si nkhanza ayi. Wafilosofi wa ku Nigeria, Ifeanyi Menkiti, analemba mu 1984 kuti kwa Aafirika umunthu ndi chinthu chimene munthu amachipeza pang'onopang'ono potenga mbali m'moyo wa mudzi, ndipo akhoza kuchilephera. Ifenso timati "uyu si munthu" ponena za wouma mtima. Mwa kuganiza kotere, amene sakuyankhula, sakulima, sakupita kumaliro, amaoneka ngati wachoka pakati pa anthu. Kwame Gyekye wa ku Ghana anatsutsa, nati ulemu wa munthu sachita kupatsidwa ndi mudzi, amabadwa nawo. Ine ndili kumbali ya Gyekye, ndipo ndikuona kuti chilankhulo chathu chili komweko. Tikamati "si munthu" timadzudzula khalidwe. Sitinena mawuwa kwa khanda, kapena kwa agogo amene nzeru zathawa. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Achimwene anu akadali mwana wa amayi, mwamuna wa alamu anu, mphwake wa amalume. Ubale umenewo sunathyoke pamsewu paja.

Kusamalira thupi ndiko kumasunga mwayi umene ulipo. Atembenuzeni pa maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndipo yang'anani pa zidendene, m'chiuno, pa fupa la kumunsi kwa msana, pa mapewa ndi kunkhongo. Malo ofiira kapena oderako amene sakubwerera mwakale, kapena otentha ndi olimba powakhudza, ndiwo chiyambi cha chilonda. Asagonerenso pamenepo. Ikani pilo pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilendewere, ndi ina pakati pa mawondo. Zofunda zonyowa zisinthidwe nthawi yomweyo. Podyetsa, mutu ndi chifuwa zikwezedwe ndithu, pafupifupi theka la kukhala tsonga, ndipo akhale choncho kwa mphindi 30 mpaka ola atatha kudya. Onani kaye chizindikiro cha pa kapaipi pamphuno. Ngati kasuntha, kapena akutsokomola mukangoyamba kuthira, siyani, chifukwa phala lolowa m'mapapo ndilo limabweretsa chibayo. Kapaipi kotuluka akabwezeretse ndi namwino. Thirani pang'onopang'ono mamililita 200 mpaka 300 pa mphindi 15 kapena 20, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndipo tsukani kapaipi ndi madzi owiritsa ozizira musanadyetse ndi mutatha. Phala lamadzimadzi la mgaiwa lokha silikwanira. Onjezerani nsinjiro, soya, mkaka, dzira lophika ndi supuni ya mafuta, n'kusefa bwino. Munthu wa makilogalamu 60 amafuna madzi okwana pafupifupi malita awiri pa tsiku, kuphatikizapo a m'phala. Musawamwetse kanthu pakamwa, kaya madzi, mankhwala azitsamba kapena mafuta odalitsidwa, mpaka a chipatala atayeza kameza kawo. Pemphero lifike ndi mawu ndi dzanja pamphumi. Tsukani m'kamwa ndi mano kawiri kapena katatu pa tsiku ndi mswachi wonyowa pang'ono, mutu atapendeketsa, chifukwa tizilombo ta m'kamwa ndi timene timatsikira m'mapapo. Pindani ndi kutambasula mfundo iliyonse mofatsa, kakhumi, kawiri pa tsiku, osakakamiza pamene palimba. A mafizo, akatswiri olimbitsa ziwalo, angakuonetseni kagwiridwe kake, ndipo ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre ndi ntchito yawo imeneyi.

Funso lanu lomaliza, loti mukasiya zina mwachimwa, lili ndi zinthu zitatu zimene siziyenera kuikidwa m'dengu limodzi. Kufupikitsa moyo mwadala, ndi mankhwala kapena njira ina, lamulo la Malawi silikulola ndipo si chimene mukufunsa. Kusiya chisamaliro wamba, kusambitsa, kutembenuza, kuletsa ululu, kumeneko n'kutaya munthu, ndipo sikuyenera pa nthawi iliyonse. Koma kukana chithandizo cholemetsa chimene phindu lake n'lochepa ndi nkhani ina. Simukakamizidwa kugulitsa munda umene ana adzadyere kuti mupite nawo kunja, kapena kuvomera makina opumira ndi kusindikiza pamtima mtima ukaima, ngati thupi lafooka ndipo madokotala akuona kuti sizithandiza. Papa Pius XII anaphunzitsa mu 1957 kuti munthu amakakamizidwa kugwiritsa ntchito njira wamba zosungira moyo, osati zolemetsa mopitirira muyeso. Pa nkhani ya kapaipi kodyetsera anthu amasiyana. Mu 1993 bwalo lalikulu la ku Britain linalola kuti Tony Bland, amene anavulala pa ngozi ya pa bwalo la mpira la Hillsborough mu 1989, asiye kudyetsedwa atakhala pafupifupi zaka zinayi osazindikira. Papa John Paul II mu 2004 ananena kuti chakudya ndi madzi, ngakhale za m'kapaipi, n'chisamaliro wamba. Kwa inu, pa miyezi itatu, mtsutso umenewo sunafike. Pitirizani kudyetsa.

Banja likhale pansi, amalume monga mwinimbumba, amayi, alamu anu ndi inu, kutali ndi chipinda cha wodwala. Funso lotsogolera lisakhale loti ndani amawakonda kwambiri. Likhale loti achimwene akanatha kuyankhula akanati chiyani, poona zimene ankanena ndi mmene ankakhalira. Gwirizanani kuti mudzakhalanso pansi pa miyezi 6 ndi pa chaka, kope lija lili m'manja, dokotala atawaonanso. Kambiranani tsopano, zinthu zili bata, chimene mudzachite chibayo chachikulu chikadzabwera usiku. Itanani abusa, ansembe kapena shehe ngati zingapepuze mitima.

Alamu anu akundidetsa nkhawa. Za achimwene tikufufuza ngati akumva, koma za iwo palibe chofufuza, akumva ndithu. Munthu mmodzi sangatembenuze wodwala pa maola awiri alionse kwa miyezi popanda kugwa naye. Mutu umodzi susenza denga. Lembani ndandanda ya anthu atatu kapena anayi osinthana usiku, ndipo alamuwo akhale ndi tsiku lathunthu pa sabata lopuma, lopita kumsika kapena kutchalitchi osayang'anidwa ndi diso loipa. Akanena kuti nthawi zina amalakalaka zitangotha, musawaweruze, ndi mawu a kutopa amene odwazika ambiri amawasunga mumtima. Koma ngati sakugona, sakudya, akungolira, kapena atchula zodzipha, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Achimwene thamangani nawo kuchipatala akatentha thupi, akayamba kupuma mofulumira kapena mokoka, makhololo akasintha mtundu, akaphupha kupitirira mphindi zisanu kapena mobwereza, akasanza kangapo, mkodzo ukasiya kutuluka kapena ukanunkha, chilonda chikazama kapena kutuluka mafinya, komanso akayamba kugona kwambiri kuposa masiku onse. Ngakhale popanda zoopsazi, pemphani kalata yokaonana ndi madokotala a ubongo ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo mufunse za Tiyanjane, gulu la pachipatalapo losamalira odwala matenda aakulu ndi mabanja awo. Anthu ena amaopa kupita kumeneko poganiza kuti n'kwa oyembekezera imfa okha, pamene iwo ndi amene amadziwa bwino za kuletsa ululu, za mofini wamadzi akafunika, ndi za kusamalira wodwala pakhomo. Popita tengani kope lija, makanema a pa foni, buku la kuchipatala, ndi mapaketi a mankhwala onse amene achimwene akulandira.